Zilembo ziwiriziwiri ndi matuza pa ndalama zachitsulo: cholakwikacho chinalowera pati?

Munthu akangogula kagalasi kokulitsira zinthu n'kuyamba kusuzumira pa ndalama zachitsulo, sipatha mphindi khumi asanaone chachilendo. Apa nambala ya chaka ikuoneka ngati ili ndi mthunzi, apo chilembo chili ndi kamzere kotuwa m'mbali, pena pali kotupa ngati thuza. Mtima umayamba kugunda, chifukwa mbiri ya senti ya ku America ya 1955, ija ya zilembo ziwiriziwiri imene imagulidwa madola opitirira 1,000, inamveka kutali. Koma tinene mosapsatira: zambiri mwa zimene zimaoneka choncho si zimene osonkhanitsa ndalama amafuna. Kusiyanitsa kwake sikudalira mphamvu ya galasi. Kumadalira kudziwa njira imene ndalama imadutsa popangidwa, n'kutha kuloza pamene cholakwikacho chinalowera: pa chidindo, pa kachitsulo kasanadindidwe, pa nthawi yodinda, kapena ndalama itatuluka kale m'fakitale.

Chidindo nachonso chimachita kudindidwa

Ndalama imapangidwa pokanikiza kachitsulo kozungulira, kosalemba kanthu, pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba. Chidindo chimenechi pa ntchitoyi amati die. Chithunzi ndi zilembo pa chidindo zimakhala zozama ndiponso zotembenuka, kuti pa ndalama zituluke zotumphuka ndi zowerengeka bwino. Makina amakono amatha kudinda ndalama zokwana 750 pa mphindi imodzi, ndipo chidindo chimodzi chimadinda ndalama masauzande mazanamazana chisanatope.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti chidindocho sichigobedwa ndi manja. Nachonso chimadindidwa ndi chitsulo china chotchedwa hub, chimene chili ndi chithunzi chotumphuka ngati cha pa ndalama yeniyeni. Amatenga chitsulo chofewetsedwa ndi moto, cha nsonga yosongokera pang'ono pakati, n'kukanikizapo hub ija ndi mphamvu yaikulu. Kale kukanikiza kamodzi sikunkakwanira, chifukwa chitsulo chimauma chikamapanikizidwa. Ankachichotsa, kuchifewetsanso ndi moto, n'kuchibwezera pansi pa hub kachiwiri, nthawi zina kangapo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati pobwezerapo hub ndi chidindo sizinalunjikane ndendende monga poyamba, chidindo chimalandira zithunzi ziwiri zosemphana pang'ono. Ichi ndicho chimene amati doubled die.

Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pamenepa. Ndalama ya doubled die sinamenyedwe kawiri. Inamenyedwa kamodzi, bwinobwino, ndi chidindo chimene chinali kale ndi zilembo ziwiriziwiri. Choncho ndalama iliyonse yochokera pa chidindo chimenecho imakhala ndi cholakwika chofanana, pa malo omwewo, kukula kwake komweko. N'chifukwa chake ndalama zoterezi zimatha kulembedwa m'kaundula n'kupatsidwa nambala, ndipo n'chifukwa chake zili ndi mtengo: munthu angathe kutsimikizira kuti iyi ndi m'bale wake wa ija.

Popeza zithunzi zonse ziwiri zinagobeka m'chidindo, pa ndalama zonse ziwiri zimakhala zotumphuka ndi zobulungira pamwamba, zotalika pafupifupi mofanana. Chilembo chimanenepa kuposa mmene chimakhalira pa ndalama ina ya chaka chomwecho. Pamene zithunzi ziwirizo zasiyanirana pamakhala kamgula koonekera, ndipo kumapeto kwa chilembo, pa timiyendo ndi pa ngodya, pamagawikana ngati mphanda. Kamphanda kameneka ndiye mboni yodalirika kwambiri. Yang'anani kunsonga kwa zilembo monga L, T, E ndi R, ndiponso kumchira kwa manambala 9, 7 ndi 5.

Kusemphanako kuli ndi dongosolo lake, ndipo dongosololo limathandiza kutsutsa zabodza. Pa senti ya 1955 ya ku fakitale ya ndalama ya ku Philadelphia, chidindo chinazungulira pang'ono potsata pakati pake. Chinthu chikamazungulira motero, za m'mphepete zimayenda mtunda wautali kuposa za pakati, n'chifukwa chake chaka, LIBERTY ndi IN GOD WE TRUST zinatalikirana moti zimaoneka popanda galasi, pamene mutu wa Lincoln, pulezidenti wakale wa America amene ali pakati pa sentiyo, sunasinthe kwenikweni. Pa senti ya 1995, pozungulirapo panali cha m'mphepete, kufupi ndi chaka, ndiye kuwirikizako n'kwamphamvu pa LIBERTY ndi pa IN GOD, koma kumazilala mukamayandikira chakacho. Pa senti ya 1983 cholakwika chili kumbuyo, ndipo chidindo sichinazungulire koma chinangosuntha mbali imodzi, moti ONE CENT ndi mawu ena onse anasendera kolowera kumodzi. Ya 1984 imadziwika ndi khutu la Lincoln limene lili ndi nsonga yachiwiri m'munsi mwake. Palinso mtundu wina umene zilembo zimangonenepa popanda mzere wolekanitsa. Akatswiri anagawa zonsezi m'magulu asanu ndi atatu, koma kwa woyamba chofunika si kuloweza mayina a magulu. Chofunika ndi kudzifunsa ngati zimene mukuonazo zingachokere pa kusuntha kumodzi kwa chitsulo cholimba. Chilembo china chikawirikiza cha kumanzere, choyandikana nacho cha kumanja, chachitatu cha m'mwamba, kayikirani.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, fakitale za ndalama za ku America zinasintha n'kuyamba kupanga chidindo pokanikiza kamodzi kokha. Ambiri ankaganiza kuti doubled die yathera pomwepo, koma inangosintha malo. Hub ikayamba kukhudza nsonga ya chitsulo itapendekeka pang'ono, imasiya kachidindo koyamba, kenako imatsetsereka n'kukhazikika pamalo pake mphamvu ikamakula. Popeza nsonga ija ili pakati, zolakwika za ndalama zatsopano zimapezeka kwambiri pakati pa chithunzi. Zitsanzo zake ndi chithunzi chowonjezera cha mtengo wa m'nkhalango pa ndalama ya masenti 25 ya 2005 yoimira dera la Minnesota, ndi zala zowonjezera pa dzanja la Lincoln logwira buku pa senti ya 2009. Choncho pa ndalama ya zaka zimenezi yambani kuyang'ana pakati, ndipo kuwirikiza kwakukulu kwa zilembo za m'mphepete kukuchititseni kufufuza kawiri musanasangalale.

Kuwirikiza kumene kumanamiza anthu ambiri

Wonamiza wamkulu ndi machine doubling. Uku kumachitika pa nthawi yodinda. Chidindo chikakhala kuti sichinamangidwe zolimba, kapena mbali zina za makina zayamba kugwedera, chimamenya ndalama bwinobwino, koma pobwerera chimadumpha kapena kutsetsereka pang'ono n'kugunda m'mbali mwa zilembo zimene changozipanga kumene. Chitsulo cha m'mbalimo chimaphwanyika n'kukhala chathyathyathya, ngati sitepe yotsikira pansi. Kusiyana kwake ndi doubled die kuli apa: chithunzi chachiwiricho n'chotsika, n'chophwatalala, nthawi zambiri chimawala ngati pamene padutsa mpeni, ndipo chinachita kudya mbali ya chilembo. Mukaphatikiza mbali yotumphuka ndi sitepe ija mupeza kukula kwa chilembo chabwinobwino. Mbali yotumphukayo payokha ndi yowonda kuposa mmene iyenera kukhalira. Doubled die imawonjezera, machine doubling imachotsera. Pa timiyendo ta zilembo sipakhala mphanda, sitepe imangotsatira mzere wa chilembo mpaka kumapeto.

Njira yabwino yoonera zimenezi ndi kuika pambali ndalama ina ya chaka chomwecho, ya fakitale yomweyo, n'kuyerekeza chilembo ndi chilembo. Maso paokha saloweza kunenepa kwa chilembo, koma akaona ziwiri pamodzi amazindikira msanga.

Pa ndalama za ku America pali kachizindikiro kena kothandiza, kachilembo kosonyeza fakitale, monga D wa Denver ndi S wa San Francisco. Mpaka cha mu 1989 kachilembo kameneka ankakakhomera ndi manja pa chidindo chilichonse, chidindocho chitatha kale kupangidwa. Ndiye kuti pa ndalama ya nthawi imeneyo, kuwirikiza kochokera ku hub sikungakhudze kachilemboko. Senti ya 1969-S ya doubled die ndi yosowa kwambiri ndipo ndi yodula zedi, koma masenti a 1969-S a machine doubling ndi ochuluka. Mukaona chaka ndi S yemwe zawirikiza mofanana, kolowera kumodzi, dziwani kuti ndi makina anagwedera. Kukhomera ndi manja komweko kunkabweretsa cholakwika china chenicheni, pamene wokhomayo wamenya kawiri mosemphanitsa, chimene amati repunched mintmark. Kuyambira cha mu 1990 kachilemboko kanalowa m'chithunzi chachikulu cha pa hub, choncho senti ya 1994 kapena ya 2003 singakhale ndi cholakwika chimenechi, ngakhale D wake ataoneka ngati ali ndi mnzake.

Pali msampha wina pa ndalama zimene zilembo zake n'zozama m'malo motumphuka, monga mawu a m'mphepete kumbuyo kwa ndalama za masenti 25 za gulu lotchedwa America the Beautiful za 2010 mpaka 2021, ndi E PLURIBUS UNUM pa senti yokhala ndi chithunzi cha chishango kumbuyo kuyambira 2010. Apa lamulo lija limatembenuka. Zilembo zimenezi pa chidindo zimakhala zotumphuka, ndiye chidindo chikadumpha chimadindanso chilembo china pambali, n'kuchikulitsa. Zimaoneka zokongola, zofanana kwambiri ndi doubled die, koma ndi machine doubling yomwe ija.

Wonamiza wachiwiri ndi chidindo chokalamba. Nthawi iliyonse ndalama ikamenyedwa, chitsulo chimayenderera kuchokera pakati kupita m'mphepete, ndipo chimapala chidindo pang'onopang'ono. M'mphepete mwa zilembo zogobeka mumakumbika, ndiye pa ndalama pamatuluka mthunzi wofufuma, wopanda malire enieni, kawirikawiri kumbali yoyang'ana kunja. Ndalama yotere imadziulula yokha mukayang'ana pamalo opanda chithunzi: pamakhala timizere tochoka pakati kupita kunja, kapena pamakhakhala ngati khungu la lalanje, ndipo zilembo zonse zimaoneka zotopa. Masenti ambiri a 1955 ali ndi mthunzi wotere pa 5 womaliza, ndipo amagulitsidwa ndi dzina lokopa ngati kuti ndi achibale a yotchuka ija, chikhalirecho palibe ubale. Pa masenti a zinki wokutidwa ndi mkuwa, amene anayamba mu 1982, chidindo chotopa chimabweretsanso kamtumbira kozungulira pafupi ndi mphepete, kodutsa m'zilembo za IN GOD WE TRUST.

Ngakhale kuwirikiza kwenikweni kwa ku hub si konse kuli ndi mtengo. Kukachitika pa chidindo chachikulu chimene chimabala zidindo zina zonse, kumafalikira pa ndalama mamiliyoni. Masenti ambiri a 1972 ali ndi kuwirikiza kwa mtundu umenewu, ndipo n'kosiyana ndi doubled die yamphamvu ya chaka chomwecho imene anthu amaifunafuna.

Wonamiza wachitatu ali m'manja mwanu: nyale. Timakina tokulitsa zinthu tolumikiza ku kompyuta timakhala ndi timagetsi tambiri tozungulira galasi, ndipo getsi lililonse limasiya kuwala kwake m'mbali mwa chilembo. Pa ndalama yatsopano yonyezimira, zimenezi zimaoneka ndithu ngati zilembo ziwiri. Zimitsani timagetsito, gwiritsani ntchito nyale imodzi younikira cha m'mbali, ndipo muzizungulitsa ndalamayo pang'onopang'ono. Chimene chimasowa kapena kusamukira mbali ina mukatembenuza ndalama ndi kuwala chabe. Kagalasi kokulitsa kasanu mpaka kakhumi n'kokwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, osati kukulitsa kamakumi asanu, chifukwa pa mlingo umenewo ndalama iliyonse imaoneka yolakwika.

Ndalama zokutidwa ndi mavuto ake

Mitengo ya mkuwa ndi nickel itakwera, mayiko ambiri anayamba kupanga ndalama zing'onozing'ono ndi chitsulo chotchipa mkati, n'kungokuta kunja. Senti ya ku America inasintha mu 1982: yakale inali ya mkuwa magawo 95 pa 100 ndipo inkalemera magalamu 3.11, yatsopano ndi ya zinki magawo 97.5 pa 100, mkuwa 2.5, ndipo imalemera magalamu 2.5. Ku Britain 1p ndi 2p zinakhala zachitsulo chokutidwa ndi mkuwa mu 1992, ndipo 5p ndi 10p zachitsulo chokutidwa ndi nickel zinayamba kuyenda mu 2012. Masenti 1, 2 ndi 5 a euro nawonso ndi achitsulo chokutidwa ndi mkuwa. Canada imakuta chitsulo ndi magawo angapo osanjikizana a nickel ndi mkuwa.

Ndondomeko yake ndi yofunika kuidziwa. Amayamba adula tizitsulo tozungulira, kutitsuka, kutiika m'mgolo wozungulira womizidwa m'madzi a mankhwala, ndipo magetsi amamatiza mkuwa kapena nickel pa kachitsulo kalikonse, m'mbali momwe. Kudinda kumabwera pambuyo. Pa senti ya zinki chikutirocho sichifika ngakhale 0.01 mm, n'chopyapyala kangapo kuposa tsitsi. Ndiye taganizirani kachikopa kotere kakumenyedwa ndi mphamvu ya matani makumi angapo, kakukokedwa kuti kakwere zilembo n'kutsika.

Pamene kakokedwa kwambiri kamang'ambika. Izi zimachitika m'mbali mwa zilembo ndi manambala, makamaka kumbali yoyang'ana m'mphepete, ndipo zinki wotuwa amaonekera ngati kamzere kotsatira chilembo. Uku ndiko split plating, ndipo ndi kumene kumalumikiza nkhani ya chikutiro ndi ya kuwirikiza, chifukwa kamzereko kamaoneka ngati chilembo chachiwiri. Kamapezeka kwambiri pa D ndi pa chaka pa masenti a zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mtundu wake ndiwo umaulula: ndi wotuwa kapena wakuda, si wa mkuwa, ndipo si chotumphuka koma bala. Ndalama yotere ilibe mtengo wowonjezera, ndipotu yayamba kale ulendo wowonongeka.

Matuza amabwera pamene chikutiro sichinagwirane bwino ndi zinki. Kachitsulo kakakhala ndi mafuta kapena litsiro kasanakutidwe, pamatsala malo amene mkuwa wangoyala osamatirira. Kutentha ndi kupanikiza kwa podinda kumafufumitsa mpweya wa pansi pake, mkuwa n'kutukuka. Matuza ena ndi obulungira, ena ndi aatali ngati nyongolotsi, ndipo aataliwo kawirikawiri amalowera kumodzi, motsata mizere imene inatsala pa chitsulo pochipsinja kuti chipyapyale. Masenti a zaka zoyambirira za zinki, kuyambira 1982, ali ndi matuza ambiri chifukwa luso lokutira linali lisanakhwime. Thuza likamera pafupi ndi chilembo limanamiza: ena amaliyesa nambala yowonjezera, ena kachilembo ka fakitale kachiwiri.

Kusiyanitsa thuza ndi chotumphuka chochokera ku chidindo n'kosavuta mukakumbukira kuti thuza ndi lamphako. Chidindo chikabenthuka kapena kung'aluka, chitsulo cha ndalama chimalowa m'malo obenthukawo, ndipo chotulukacho n'cholimba, cha m'mphepete mokhakhala, chobwerezeka pa ndalama zina za chidindo chomwecho. Thuza ndi losalala, limatsetsereka mofatsa m'mbali, ndipo silibwerezeka. Ena amalikanikiza ndi kamtengo kotokosera m'mano kuti aone ngati lifwamphuke. Njirayi imagwira ntchito, koma ichitidwe pa ndalama imene simukudandaula nayo, chifukwa thuza likaphulika ndiye kuti mwatsegula khomo la dzimbiri.

Dzimbiri la zinki n'loopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Zinki ndi mkuwa zikakhudzana pali chinyezi, zinki ndi amene amadyeka, ndipo amadyeka msanga. Kabowo kochepa ngati nsonga ya singano n'kokwanira. Zodyekazo zimafufuma pansi pa mkuwa n'kupanga chotupa cholimba, chimene pambuyo pake chimaphulika n'kusiya dzenje la ufa woyera kapena wotuwa. Ichi si cholakwika cha ku fakitale, ndi kuwonongeka, ndipo palibe mankhwala obwezeretsa. Ndalama zachitsulo chokutidwa nazo zimatero, kungoti dzimbiri lake ndi lofiirira ndipo limakonda kuyambira m'mphepete mmene mwagundidwa.

Senti yoyera ngati siliva

Cholakwika cha chikutiro chimene chili ndi mtengo weniweni ndi ndalama yodindidwa pa kachitsulo kamene sikanakutidwe konse, kapena kanakutidwa malo ena okha. Vuto ndi lakuti zachinyengo ndi zongochitika mwangozi n'zochuluka kuposa zenizeni. Choyamba onani chaka. Senti ya ku America ya 1975 kapena 2p ya ku Britain ya 1985 sizingasowe chikutiro, chifukwa sizinakutidwepo. Ngati ndi zoyera, ndiye kuti wina anazikuta pambuyo pake, kapena, mwa apo ndi apo, zinadindidwa pa kachitsulo ka ndalama ina, ndipo pamenepo sikelo ndi imene inganene.

Ambiri amakhulupirira kuti sikelo ingagamule mlandu wa senti yosakutidwa. Singathe payokha. Mkuwa wokutira umalemera pafupifupi magalamu 0.05 okha, pamene fakitale imalola senti kusiyana ndi magalamu 0.1 kupita m'mwamba kapena pansi. Senti ya magalamu 2.46 ikhoza kukhala yosakutidwa, ikhozanso kukhala yokutidwa kawiri. Sikelo imathandiza kuchotsa zoonekeratu: yolemera kupitirira 2.6 kapena yopepuka kwambiri ndi yokayikitsa. Umboni weniweni uli pa nkhope ya ndalama. Kachitsulo kosakutidwa kakamenyedwa ndi chidindo, zinki amayenderera n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso timene timachititsa kuti kuwala kuzizungulira ngati masipoko a njinga mukamapendeketsa ndalamayo. Kuwala kumeneku sikungabwezeretsedwe. Senti imene mkuwa wake unachotsedwa ndi asidi imakhala yothimbirira, ya timaenje, zilembo zake zofooka, ndipo nthawi zambiri timadontho ta mkuwa timatsalira m'makona a zilembo. Senti imene inakutidwa pamwamba, monga zimene ana asukulu amachita pophunzira sayansi, poiviika m'mankhwala a zinki kuti iyere kenako n'kuiwotcha kuti ioneke ngati golide, imawala ngati galasi koma mopanda masipoko aja. Chikutiro chatsopanocho chimadzaza m'makona, ndipo chimaphimba mikwingwirima ndi mabala amene ndalama inali nawo kale. Mukaona bala lakuya koma mkati mwake muli mtundu womwewo wonyezimira wopanda chosokoneza, kukutako kunabwera balalo litachitika kale.

Yezaninso kukula kwake. Senti ndi ya 19.05 mm. Pali anthu amene amaiika pakati pa zikopa n'kuimenya ndi hamala, ndalama n'kutambasuka, mkuwa n'kusupuka. Yoyera imene yakula kuposa anzake ndi yochita kupangidwa.

Pa ndalama yokutidwa malo ena okha, yang'anani malire a mitundu iwiriyo. Ngati mkuwa unalephera kumata m'mgolo muja, malirewo amazilala pang'onopang'ono, ndipo kunyezimira kwa chidindo kumapitirira mbali zonse ziwiri osaduka. Ngati wina anapala kapena ndalama inakhuzika pansi, zinki amaonekera pamalo otumphuka okha, ndipo pamakhala mikwingwirima. Palinso masenti achikasu, amene amabwera pamene zinki wasungunukira m'madzi okutira n'kusakanikirana ndi mkuwa. Amenewa ndi ovuta kutsimikiza, chifukwa moto nawo umatulutsa mtundu womwewo.

Maginito ndi othandiza pa ndalama zachitsulo mkati. Senti ya ku America ya 1943 inali yachitsulo chokutidwa ndi zinki, yolemera magalamu 2.7, ndipo zochepa kwambiri zinadindidwa mwangozi pa mkuwa. Achinyengo amakuta yachitsulo ndi mkuwa, koma maginito amaikoka nthawi yomweyo. Pa masenti omwewo a 1943, zinki ankaikidwa pa chitsulo chisanadulidwe, ndiye m'mbali mwa ndalama yeniyeni mulibe chikutiro. Yowala mbali zonse mpaka m'mbali inakutidwanso pambuyo pake, ndipo kukuta kwachiwiriko kumakonda kusiya mthunzi pa chaka umene anthu amauyesa doubled die. Sikelo nayo ili ndi pamene imalankhula momveka: senti ya 1983 yolemera magalamu 3.1 ndi ya mkuwa wakale umene unatsalira, ndipo imeneyo ndi yofunika kuionetsa kwa akatswiri.

Musasokoneze kukuta ndi kusanjikiza. Ndalama za ku America za masenti 10 ndi 25, kuyambira 1965, zimapangidwa ndi zitsulo zitatu zopsinjidwa pamodzi: mkuwa pakati, ndipo kunja kulikonse chosakaniza cha mkuwa magawo 75 ndi nickel magawo 25. N'chifukwa chake m'mbali mwake mumaoneka mzere wofiira. Gawo lakunja ndi lochindikala, pafupifupi limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a ndalama yonse, ndiye likasowa sikelo imadziwa. Ya masenti 25 imatsika kuchoka pa magalamu 5.67 kufika cha pa 4.7, ya masenti 10 kuchoka pa 2.27 kufika cha pa 1.9. Mbali imodzi imakhala ya mkuwa weniweni, inayo yoyera monga mwa masiku onse, ndipo chithunzi chimafooka pena ndi pena chifukwa kachitsuloko kanali kopyapyala, sikanadzaze chidindo. Ndalama yofiirira mbali zonse ziwiri, yolemera mokwanira, inangokhalitsa m'dothi kapena m'madzi.

Mukaipeza yooneka yeniyeni

Musaitsuke. Polishi, mandimu, mswachi, ngakhale kupukuta ndi nsalu, zonsezi zimafafaniza timizere tija timene ndi umboni, ndipo ndalama yotsukidwa imagwa mtengo kwambiri. Igwireni m'mbali, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chake pa mkuwa mpaka kalekale. Iikeni m'kathumba kosungira ndalama kopanda PVC, pamalo ouma. Pulasitiki wofewa wa PVC amatulutsa mafuta obiriwira amene amadya mkuwa.

Kenako ifanizeni ndi zimene zinalembedwa kale. Mabungwe monga CONECA amasunga kaundula wa zidindo za doubled die motsata chaka ndi fakitale. Kufanana kwake kuyenera kukhala kwa ndendende, osati kongoyandikira. Kuwonjezera pa kuwirikizako, chidindo chilichonse chili ndi zipsera zake: kamkwingwirima kotsala pochipukuta, kamng'alu, kadontho. Senti yeniyeni ya 1955, mwachitsanzo, ili ndi timizere tating'ono pafupi ndi chilembo T cha CENT kumbuyo kwake, ndipo akatswiri amayamba kufufuza pamenepo chifukwa zabodza za chaka chimenechi n'zambiri. Pa ndalama za ku America zakale, malo amene pali kachilembo ka fakitale nawonso ayenera kugwirizana, popeza pa chidindo chimodzi kamakhala pamodzimodzi. Kumbukiraninso kuti zipsera zimasintha chidindo chikamakalamba: mng'alu umene uli pa ndalama zomalizira sungapezeke pa zoyambirira, koma kuwirikiza kwenikweniko kumakhalapo kuyambira pa ndalama yoyamba.

Makampani oyesa ndalama monga PCGS, NGC ndi ANACS amatsimikizira n'kutsekera ndalama m'kabokosi, koma amalipiritsa, ndipo kulemba mtundu wa cholakwika pa chizindikiro kumakhala ndi mtengo wake wapadera. Doubled die zambiri zazing'ono za zaka zaposachedwa zimagulidwa madola ochepa chabe, osafika pa ndalama yoyezetsera. Zoyenera kutumiza ndi zamphamvu zodziwika bwino, zosakutidwa zimene zikadali ndi kunyezimira kwa ku fakitale, zosowa gawo lakunja zimene sikelo yavomereza, ndi zodindidwa pa chitsulo cholakwika. Musanatumize, jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'mbali, ndi nyale imodzi, ndipo lembani kulemera kwake pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu.